Mizere ya Phulusa

Ndinadzuka kusanache, ngati kunali kugona kumeneko. Panja azibambo anali akadali pa zikiri, nyimbo zathu za Chisilamu, mawu atasasa. Kuseri kwa nyumba azimayi ankasonkhezera moto pa miphika ya mpunga, mphepo ya ku Chilwa ikutiponyera utsi m'maso.

Ababa, amene tinkawaika m'manda tsikulo, ndiwo analambula bwalo la mpira la kwathu kuno kwa Mwambo, chaka chomwe nyanja inauma asodzi n'kusowa chochita. Timu anaiyambitsa ndi anzawo opanda nsapato, mizere ankalemba okha ndi phulusa. Ali chigonere, kunabwera mkulu wina wa geni kuti malowo anagula, amangapo chigayo. Anakhoma zikhomo pakati penipeni pa bwalo, osadikira n'komwe kuti munthu atsirizike.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pa njinga, a ku chilumba cha Chisi matope m'miyendo. Osewera akale anabwera ndi mimba zawo. Wachigayo uja nayenso anatulukira, chipepeso m'manja, nkhope yachisoni ngati m'bale. Ine mtima unawira.

Itatha swala yopempherera malemu, azibambo ananyamula jeneza, chithatha cha maliro. Njira ya kumanda imalambalala bwalo, koma iwo anadutsa pakati, akulandirana, zikhomo zikugwa. Palibe anayang'ana pansi.

Ife akazi kumanda sitipita. Tinatsala pakhomo, ndipo maso anga anagwera pa phulusa lomwe linadzaza m'mafuwa. Ndinapita kwa azakhali, mlongo wawo wa ababa.

"Azakhali, ndibwerekeni beseni."

"Iwe, tsiku lake lomweli?"

"Lomweli. Mawa kubwera njerwa."

Anandiyang'ana, kenako anamanga chitenje molimba. Tinatuluka chigulu, wina beseni, wina ndowa, phulusa likadali lofunda. Tinalemba bwalo lonse tikulira. Zikhomo zija tinatola n'kuphikira tiyi.

Pochokera kumanda azibambo anapeza mizere ili mbee pa bwalo. Wachigayo anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Azakhali anamuonetsa zikhatho zawo zotuwa, nafe tonse tinatero. Afufute yekha phulusa la pamaliro, timuone! Wachigayoyo analiza njinga yake yamoto osatsanzika.

Madzulo nyumba inali zii. Amayi anga, amene moyo wawo wonse ankadandaula kuti mpira unawalanda mwamuna, anali pa mkeka atayang'ana kukhoma. Ndinkayesa agona.

"Mizereyo yawongoka?"

"Yakhota, amayi."

"Ndiye mawa ulawire ukakonze. Loweruka kuli masewero."