Kuwerenga Mtima pa Njira ya ku Shimabala

Uthenga unandipeza nthawi ya 10 koloko m'mawa, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Mayi wina wogulitsa ndiwo za repu anaima pachipata nati, "Ba Tembo, akulu anu ku Shimabala sali bwino. Akuti mubwere lero."

Akulu angawo, a Yohane, ndiwo anandiitana kuchoka ku Katete kudzagwira ntchito m'fakitale kuno ku Kafue, kumene iwo ankatsitsimutsa antchito okomoka ndi kutentha. M'zaka zija za kugulitsa makampani tonse tinachotsedwa ntchito. Iwo anakalima ku Shimabala. Ine ndinatsala m'tauni ndi nthenda ya mtima.

Pokwerera maminibasi ndinapeza imodzi yokha, muli anthu awiri. "Faifi handiredi, mudala," anatero kondakitala. "Tizanyamuka ikazula." Ndinaona kuti kudzaza kwake n'kwa madzulo, choncho ndinabwerera kukatenga njinga, botolo la madzi othira kamchere, ndi wotchi yanga.

Lamulo la paulendo ndinali nalo, ndipo anandiphunzitsa ndi a Yohane omwewo. Ika zala ziwiri pamkono, uwerenge kugunda kwa mtima kwa masekondi khumi ndi asanu. Kukapitirira makumi atatu, tsika, ukhale pamthunzi kufikira kutabwerera pansi. Thukuta likaleka kutuluka dzuwa lili pamutu, usanyengedwe: imeneyo ndi ngozi.

Nthawi ya 11 koloko ndinadutsa mafakitale, ena ali zii, udzu utamera pazipata. Ndinawerenga makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ndipo ndinapitirira.

Masana, pachitunda choyamba, ndinapeza makumi atatu ndi anayi. Ndinatsika pansi pa mtengo wa mango, pamene mayi wina ankagulitsa chakumwa cha munkoyo, wailesi yake ikufuula nyimbo za kutchalitchi.

"Ba tate, shani, muli bwino? Mupemphera na nkoloko?"

"Iyayi, mama, ndikufunsa mtima ngati ukundilola kupita."

"Mu dzina la Yesu muzafika! Koma yambani mwamwa, nkhope yanu yaoneka monga tomato."

Ndinamwa makapu awiri, ndinadyanso kambatata kophika, mtima n'kudekha.

Apa ndipo ndinalakwa. Poganizira akulu anga ali gone, maso ali kukhomo, ndinapalasa mwamphamvu osayang'ananso wotchi. Cha m'ma 1 koloko msewu unayamba kuvina, m'makutu mukulira nyenje. Nditagwira pamphumi ndinapeza pali gwa, pouma ngati chikopa. Kugunda kuja sindinathe n'kukuwerenga komwe. Ndinakwawira pamthunzi wa kamlatho, ndinanyowetsa malaya ndi madzi otsala, n'kugona chagada. Ndili pomwepo, minibasi ija ndinaisiya ku Kafue inadutsa pamwamba panga itadzaza, kondakitala akuimba mluzu. Ndinafuna kudzuka, koma zala zinali pamkono, ndipo zinandikaniza pafupifupi ola lathunthu.

Ndinapatuka pa msewu wa tala nthawi ya 3 koloko. Ndisanaone nyumba ndinamva kulira kwa amayi, ndipo ndinatsika panjinga popanda kuwerenga kanthu. Mipando inali itatulutsidwa kale pabwalo.

Alamu anga, a NaBanda, anandilandira pakhonde. "Atisiya cha m'ma 2 koloko, alamu."

"Nthawi imeneyo ndinali gone pansi pa mlatho, kusunga moyo wangawu," ndinatero, misozi ikugwera m'ndevu. "Kodi anandifunsa?"

"Anafunsa kawiri. Kachitatu ndinati nditume munthu akakufulumizitseni, koma anakana. Anati, 'Musiyeni. Dzuwa ili, ngati wachedwa ndiye kuti akuwerenga monga ndinamuphunzitsira. Sindifuna kukumana naye kutsogoloko lero lomwe.'"

Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada pamphasa pamene anagoneka akulu anga, ndipo mwa chizolowezi zala zanga zinapita pamkono pawo. Wotchi inayenda masekondi khumi ndi asanu, ine osapeza kanthu kowerenga.

Kufikira lero ndimaima panjira iliyonse kufunsa mtima. Ndinachedwa kukawatsanzika, koma tsiku lomwelo ndipo ndinawamvera koposa masiku onse.