Polishi pa Masipika a Atate

Nditamaliza mayeso a giredi thwelofu ndinawauza amai kuti ndikupita ku Kitwe. ASakala, mnzawo wa malemu atate wa kutchalitchi, ali ndi kashopu kokonzeramo mawailesi ku Kamitondo, ndipo ankafuna wowathandiza. Chimene sindinawauze amai n'chakuti ndinkapita kukaphunzira kukonza masipika awiri a m'nyumba mwathu ku Chifubu, mu Ndola. Atate anawagula ine ndisanabadwe. Anali atayamba kulira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo, ndipo amai anasiya kuwayatsa. Ankangowapukuta Loweruka lililonse.

Ku Kitwe ndinkagona kwa achemwali a aSakala, m'chipinda chimodzi ndi matumba a makala. Chibemba ndimachidziwa, koma ukachilankhula tsiku lonse umayamba kulakalaka munthu woti akukalipireko m'Chinyanja. Malipiro anali ochepa. Theka ndinkatumiza kunyumba pa foni, ndipo yankho la amai silinkasintha: "Zafika. Ukudya koma?"

ASakala anandiphunzitsa mkombero, kasiponji kozungulira kamene kamalumikiza pepala la sipika ku chitsulo chake. Ukakalamba umanyenyeka ngati buledi wouma. Umaupala wonse, n'kupukuta ndi sipiriti, n'kumata watsopano, kuyambira mkati. Usanamate kunja umakankha pepalalo pang'onopang'ono ndi zala, kumvetsera ngati likukhula. Woyamba wanga unapendekeka. Ndinabwereza katatu.

Tsiku lina bambo wina anabweretsa sipika yamkombero wonata ngati phula. ASakala anaukhudza n'kununkhiza chala.

"Misozi, tabwera ununkhize."

Fungolo ndinalidziwa ndisanawerame n'komwe. Anali polishi woyera wopaka pansi, yemwe uja wa m'kachitini kamene amai ankatsegula popukuta masipika.

"Chikondi cha amai a pakhomo chimenechi," anatero aSakala, akuseka. "Mafuta amadya siponji, mwana wanga. Fumbi silipha sipika. Polishi ndiye amapha."

Ine sindinaseke. M'bukhu lino limene ndimalembamo zochitika zanga, tsiku limenelo ndinangolemba kuti: amai ndiwauza bwanji?

Patapita miyezi inayi ndinakwera basi ya ku Ndola nditanyamula mikombero iwiri, guluu ndi kaburashi kofewa. Ndinafika Loweruka m'mawa. Amai ndinawapeza atagwada patsogolo pa masipika, kachitini kali kotsegula.

"Waonda iwe! Ku Kitwe kulibe chakudya?"

Ndinawamasula masipikawo pamphasa, pamthunzi. Mikombero yake inkamatirira ku zala. Amai anakhala pambali panga masana onse, akundipatsira nsanza. Ndinaganiza zongokhala chete. Koma Loweruka likanabweranso, ndipo mikombero yatsopanoyo ikanawola ngati yakale.

"Amai, chimene chinaononga apa ndi polishi."

Anayang'ana kachitini kaja nthawi yaitali. Ndinkaopa kuti alira.

"Atate ako ankandiletsa," anatero. "Ankati, amake Misozi, pukutani matabwa okha. Iwo ankapukuta okha pakatipo. Atapita, ndinaona patuluka timing'alu. Ndinati pauma ngati chidendene, ndipake mafuta. Nanga ndikanangopayang'ana?"

Ndinatulutsa kaburashi kaja n'kuwapatsa.

"Kameneka basi? Popanda chilichonse?"

"Popanda chilichonse, amai. Ndipo tiwachotse pawindo, dzuwa nalonso limadya."

Guluu anafunika kuuma mpaka mawa lake. Titachoka kutchalitchi ndinalumikiza mawaya, ndipo amai anasankha kaseti ya kwaya imene atate ankaimbamo besi. Ntchentche ija inali itachoka. Mawu a pansi anadzaza nyumba mpaka makapu a m'kabati anayamba kunjenjemera. Amai anayandikira, naika chala pambali pa pepala limene linkalowa ndi kutuluka.

"Awo," anatero. "Ukuwamva?"

Ndinapita ku Kitwe ndikuganiza kuti kwathu zinthu za atate zikufa chifukwa palibe wozisamala. Wozisamala analipo, Loweruka lililonse, atagwada. Mawa ndikubwerera kuntchito mpaka zotsatira za mayeso zituluke. Kachitini kali kukhitchini tsopano, ndipo kaburashi amai akakoloweka pamsomali pafupi ndi chithunzi cha atate.