Anati Padooko Panalibe Anthu

Ine ndinabadwira m'mbali mwa mtsinje wa Ruo, pamalo amene tinkangowatchula kuti Padooko. Lero mukakafunsa achinyamata a kumeneko adzakuuzani kuti pamenepo sipanakhalepo mudzi. Ndikamva mawu amenewo magazi amandiwira, ngakhale ndakalamba chonchi.

Mudzi unalipo. Anauyambitsa ndi agogo anga, makolo a amayi. Anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, kuthawa chibalo ndi mbalamatodya, chithabwa chija ankamenyera anthu m'manja mpaka zikhatho kuphulika. Atawoloka anapeza bango lokhalokha ndi ng'ona. Anatema bangolo, namanga kanyumba, nadzala chinangwa ndi kalongonda. Abale awo atamva kuti kuno munthu amagona osamangidwa chingwe m'chiuno, anayamba kubwera, banja limodzi chaka chino, awiri chaka chinacho. Pamene ine ndinkatha msinkhu, nyumba zinali zitadutsa makumi awiri. M'nyumba tinkayankhula Chilomwe, kumsika Chinyanja. Panalinso banja limodzi la Chiyao, la bambo wosoka zovala amene anakhala nafe chifukwa mkazi wake anakonda nsomba za pamenepo.

Ababa anali owolotsa anthu pa bwato. Iwowo anabwera kudzakwatira, koma mudziwo ankaudziwa kuposa eni ake, pakuti mabanja ambiri anawawolotsa ndi nkhafi yawo. Ankatha kuloza nyumba n'kunena kuti awa anabwera chaka cha dzombe, awa anabwera ndi mbuzi imodzi yomwe inadumphira m'madzi, awa anafika mayi ali ndi mwana wodwala kumsana.

Zimene ndikufuna kunenazi zinachitika m'zaka za Chitaganya. Ndinali nditangokwatiwa kumene, ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Amuna anga ankathyola tiyi ku esiteti ina yomwe minda yake inali kumtunda kwathu. Amuna onse a m'mudzimo ankagwira thangata kumeneko, chifukwa mzungu wa esitetiyo ankati dothi lonse kufikira m'madzi ndi lake. Tinkagwira, tinkadandaula chamumtima, koma tinkati bola tili ndi pogona ndi madimba athu.

Tsiku lina m'mawa, ife amayi tikuthirira mpiru kudimba, kunafika kalaliki wa esiteti pa njinga, atavala kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Kumbuyo kwake kunali kapitao ndi anthu awiri onyamula zikhomo. Sanapereke moni kwa wina aliyense. Anayamba kukhoma zikhomozo pakati pa mabedi a mpiru wa amayi anga.

Amayi anaika mtsuko pansi.

"Kodi bambo, mwalonjera ndani kuno? Zimenezi n'zachiyani?"

"Bwana akufuna kuika mpope wamadzi pano," anatero kalalikiyo osawayang'ana. "Kumtundaku adzala bulugamu. Pa mapu a kampani pano ndi patchire, palibe mudzi."

"Nanga ifeyo ndife anyani?"

"Inu ndi Anguru ongobwera. Ndauzidwa kuti ndilembe misasa ya asodzi imene ilipo, basi."

Mawu onyoza Alomwe akuti Anguru tinali titawazolowera kumsika, koma tsiku limenelo anandilasa kwambiri chifukwa cha pakamwa pamene anatulukira. Ababa anali atakocheza bwato, akubwera ndi nkhafi paphewa. Anamuyang'anitsitsa kalalikiyo, kenaka anamuyankhula m'Chilomwe. Anamutchula dzina la amayi ake ndi mudzi wa kutsidya kumene anachokera. Anamuuza kuti, "Iwe ndinakuwolotsa ine pompano, uli kumsana, ukutsegula m'mimba. Unagona masiku anayi m'nyumba iyo, mkazi wangayu akukuphikira phala."

Kalalikiyo anayankha m'Chingerezi. Sindinamve chimene ananena, koma ndinaona khosi lake likutuluka thukuta. Anatsegula buku lake n'kuyamba kulemba. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2 ku mishoni, manambala ndinkawadziwa. Ndinasuzumira. Analemba misasa isanu ndi umodzi.

"Mwawerenga bwanji?" ndinamufunsa. "Tayang'anani nyumbazo. Yambirani apo pa mtengo wa mango."

"Iwe mtsikana, khala chete."

"Sindine mtsikana, ndine mayi wapanyumba. Werengani bwino. Kapena maso anu amaona za azungu zokha?"

Kapitao anandikankha paphewa, ndipo ndinagwera m'ngalande, pamimba pali potero. Amayi anatola khasu. Akanapanda ababa kuwagwira mkono, bwenzi tsiku limenelo kutagwa maliro ndipo amayi akanakafera kundende. Anthu aja anamaliza kukhoma zikhomo zawo n'kumapita, matayala a njinga akuponda mpiru.

Akuluakulu a m'mudzi anavala majekete awo n'kupita kukadandaula kwa mzungu mwini wakeyo. Anawasiya padzuwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Potsiriza anatuluka pakhonde, kapu ili m'manja, nanena kudzera mwa womasulira kuti buku likuonetsa misasa isanu ndi umodzi, ndipo asodzi asanu ndi mmodzi adzapatsidwa malo ku malayini a antchito. Ena onsewo sakuwadziwa. Amalume anga, mmodzi wa akuluakuluwo, anamupempha kuti atsike yekha adzaone, ndi mtunda woti munthu amayenda fodya asanathe m'kaliwo. Iye anaseka n'kulowa m'nyumba.

Anatipatsa mpaka titakolola. Ine ndinachira mwezi wa Meyi, mwana wamkazi, ndipo iyeyo ndiye anali munthu womaliza kubadwira Padooko. Chikuta ndinatulukira m'nyumba yosasuka kale denga mbali imodzi.

Kusamuka kwake kunali kwa chipwirikiti. Mabanja ena anapita ku malayini, kukapanikizana m'zipinda zonga makola a nkhumba. Ena analowera ku Chinakanaka, ena kuseri kwa phiri kumene ankati malo akadalipo. Bambo wosoka uja ananyamula makina ake pamutu, mkazi wake akulira m'mbuyo. Mabanja atatu anati kuli bwino kubwerera kwa Apwitikizi komweko kusiyana n'kukhala anthu osawerengedwa, ndipo ababa anawawolotsa.  Pobwera ulendo womalizawo anakokera bwato kumtunda, natenga nkhwangwa, naliwaza pakati. Nkhuni zake anakana kuti tiphikire.

Panali mayi mmodzi wokalamba, woumba miphika, amene ana ake onse anayi anagona kumanda a m'mudzimo. Iyeyo anakanitsitsa kusamuka. Anakhala pakhomo pake miyendo atatambasula, nati amene akufuna dothili ayambe wamukwirira momwemo. Tsiku logwetsa nyumba, anthu a kapitao anamunyamula ndi mphasa yomwe anakhalirayo n'kukamutula panjira ngati thumba la makaka. Miphika yake yosawotcha anaiponda yonse. Amene anachita zimenezi sanali azungu ayi. Anali anthu akuda, ena a iwo tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo Lamulungu lotsatira anaimba nawo nyimbo mokweza ngati sipanachitike kanthu. Mayiyo tinamutenga ife, koma mvula yoyamba isanagwe anali atatisiya. Tinapempha kuti tikamuike pafupi ndi ana ake. Anatikaniza, ati pamenepo tsopano ndi pa kampani.

Ife tinakakhala kwa achibale a amuna anga, pamtunda pouma, kumene madzi tinkakatunga kutali. Amayi, amene moyo wawo wonse anali ndi dimba lawolawo, anasanduka opempha kachigawo ka munda kwa eni mudzi. Ababa anayamba kuluka madengu othyolera tiyi. Ankaluka atatembenukira kukhoma.

Patapita zaka zitatu ndinapitako, mwana ali kumsana. Ndinkafuna kuona chinthu chachikulu chimene anatichotsera. Mpope uja anauikadi, koma madzi osefukira a chaka chotsatira anaukokolola, ndipo sanabwerenso kudzaika wina. Akanafunsa ababa, akanawauza kuti Ruo akakwiya amadutsa pomwepo, n'chifukwa chake nyumba zathu tinkamanga chakumtunda. Bulugamu sanadzale ngakhale mmodzi. Ndinapeza chitsulo chadzimbiri chili gada m'matope, ndi tchire lofika m'khosi pamene panali mabwalo athu. Kumanda kunali kutamera chitedze.

Ndinaima pamenepo n'kutukwana mokweza, m'Chilomwe, mawu amene mayi wa mvano sayenera kuwatchula. Mlonda wa esiteti anatulukira m'tchiremo ndi chibonga, nandiuza kuti ndichoke msanga chifukwa ndalowa m'malo a eni ake popanda chilolezo.