Chala cha Abambo pa Chopotokolera

Usiku watha ndinalota malemu bambo anga atabwera kudzayendera TV yawo. Musanayambe kundiseka, imvani kaye chiyambi chake.

TV imeneyi anabwera nayo kuchokera ku Halale ine ndisanabadwe: bokosi lathabwa, miyendo inayi, zithunzi zakuda ndi zoyera basi. Inafa kalekale, koma chaka chino ndaidzutsa, paja kukonza mawailesi ndiye ntchito yanga ndipo sindichita kuyerekeza. Chinangotsala ndi chopotokolera chosinthira masiteshoni, chimene chinasweka pakati. Zoterezi m'sitolo simungazipezenso. Ndiye ndinamata zidutswazo n'kupita nazo kwa Che Jafali a ku Ndirande, aja amasungunula zitini n'kuumba mapoto mumchenga. Anandiumbira china chofanana ndendende, mpaka kadzenje kamene chala chachikulu cha abambo chinadya pambali pake m'zaka zonse zimene ankapotokola. Ine kadzenjeko sikanandisangalatse. Ndinati kukacha ndikapala ndi fayilo kuti chisalale, chioneke chatsopano.

Vuto ndi achemwali anga, a Esime. Iwo akuti TV yovekedwa ziwalo za ku Ndirande si ya abambonso, ikungodzaza malo m'nyumba mwa amayi. Loweruka akubwera kudzaiona, ndipo akapanda kukhutira ikupita kwa ogula zitsulo zakutha. Ndinagona nkhani imeneyi ili mumtima.

Ndiye m'malotomo ndinali pabalaza pathu ku Bangwe, koma pabalazapo panalinso pamsika, anthu akudutsa ndi matumba a makala pakati pa mipando. Dzuwa linali paliwombo. TV ija inali itafunda kansalu kake koluka, kenako inangonyamuka ndi miyendo yake inayi n'kuyamba kuyenda ngati mbuzi. Ine sindinadabwe ayi, ndinangoigwira chingwe cha magetsi n'kumaikoka. Pambuyo pathu pankabwera achemwali, atavala yunifolomu ya kwaya, atanyamula sikelo, akuimba kuti, "Zitsulo! Zitsulo zakutha!" Mawu okoma ndithu. Paja achemwali akamakusautsa mpamene mawu amawatuluka bwino.

Kenako ndinangoona tili kwa Che Jafali. Iwo anali akuvuula zopotokolera m'chiwaya ngati mandasi, mpaka lichero linadzaza. Zonse zinali zosalala, zonyezimira, ndipo ndinadziwa kuti wazipala ndine, chifukwa fayilo inali m'manja mwanga ikutentha. Ndinanyada kwabasi. Mumtima ndinati, leroli achemwali aona kuti mng'ono... ayi, kuti mlongo wawo si wamasewera.

Ndiye ndinamva kugogoda. Go! Go! Go! Nditavundukula kansalu kaja ndinapeza abambo ali m'kati mwa TV, pakati pa timadontho tija timati mpunga, akugogoda galasi ndi chala. Mmene anatulukira sindinaone, ndinangowapeza ataima pambali panga, atavala jekete yawo ya bulawuni, sutikesi ili m'manja. Ankaoneka anyamata kuposa ine. Mtima unandiwawa, ndinafuna kuwakumbatira, koma iwo maso anali pa lichero.

"Iwe Lakisoni, veka chopotokolera tione," anatero.

Ndinasankha chosalala kuposa zonse n'kuveka. Atati apotokole, chala chinaterereka. Ndinaveka china, chimodzimodzinso. Lichero lonse linatha, chala chikungoterereka. Achemwali anasiya kuimba n'kuyamba kukweza TV pa sikelo.

"Nanga chala changa chigona pati?" anafunsa abambo.

Sanakalipe ayi. Anangonyamula sutikesi yawo n'kuuyatsa ulendo wa kusiteshoni ya sitima, imene inali kukhitchini kwa amayi. Apa mpamene mantha anandigwira, chifukwa ndinadziwa kuti akakwera sabweranso, ndipo TV nayo yapita.

Ndinataya fayilo, ndinagwada pamulu wa mchenga wa Che Jafali n'kuyamba kufukula ndi manja. Munatuluka masupuni, munatuluka batire ya galimoto ija tinkayatsira TV magetsi akathima, munatulukanso nsapato yanga imodzi ya ku pulayimale. Kenako pansi penipeni ndinakhudza chopotokolera chimodzi chosapala, chokhakhala, kadzenje kake kali pompo. Sitima inali italira kale. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti, "Ababa! Ndachipeza!"

Anabwerera. Sanandiyang'ane n'komwe, anangochiveka okha TV ili pa sikelo pomwepo, n'kugoneka chala m'kadzenje kaja. Kho! Kho! Mpunga unatha. Pagalasi panaoneka pabalaza pathu pomwe, tonse titakhala pamkeka, amayi akusenda mtedza, achemwali ali kamtsikana katatsamira mwendo wa abambo. Achemwali aakulu aja anatsitsa TV pa sikelo mwakachetechete n'kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Kenako chithunzi chinayamba kuvina. Ine ndinagwira chopotokolera kuti chikhazikike, abambo nawo anatukula dzanja kuti aimenye mbama pambali monga ankachitira masiku aja.

Phaa! Mbamayo inatera pa ine.

Kudzidzimuka, kunja kwayera kale, akazi anga, mayi a Tadala, atakhala tsonga atagwira khutu. "Abambo a Tadala, mwapenga kodi? Khutu langali mwaliyesa wailesi?"

Kani chimene ndinagwira chija linali khutu lawo, ndipo mbama ija inali yawo. Ndinathamangira pomwe ndinasiya chopotokolera chija. Chinali pompo, fayilo ili pambali pake, ndisanachipale. Ndinagoneka chala changa chachikulu m'kadzenje kaja, ndipo chinalowa ndendende, osatsala mpata. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ndili ndi chala cha bambo anga. Ndinakhala pansi n'kulira, munthu wamkulu wandevu zanga.

Tsono inu odziwa kumasulira, ndithandizeni. Kodi abambo amabwera kudzandiletsa kupala, kapena amadzatenga katundu wawo? Nanga sitima kukhitchini ikutanthauza chiyani? Mayi a Tadala akuti ndi nyemba zadzulo, koma iwo khutu likuwawabe, ndiye maganizo awo tisawawerengere. Nenani zanu, ndikumvetsera. Koma fayilo ndaibweza kale m'bokosi la zida. Loweruka sindikangana ndi munthu. Ndidzangovundukula kansalu, n'kunena kuti, "Achemwali, gonekani chala apa, mupotokole."