Nkhuku ya a Wong ndi kalata yanga yachitatu

Ndinadandaula koyamba pa 9 Malichi 2014, kachiwiri pa 2 Epulo, ndipo makope a makalata onsewo ndili nawo. Alamu anga a Phiri, amalume ake a mwana wanga Mphatso, anakana kumuimira unkhoswe chifukwa Emily, mtsikana amene akufuna kumukwatira, ndi wa mtundu wa Chitchaina. Mawu awo a pa foni ndinawalemba m'kabuku kanga tsiku lomwelo: "Anthu amenewa sasakanikirana ndi anzawo, mwambo wathu sadzauphunzira." Bambo sakhala nkhoswe ya mwana wake, ndipo chinkhoswe chinali chitatsala masabata asanu ndi limodzi. Choncho Loweruka ndinanyamuka.

Basi inachoka ku South Bend, mzinda umene ndimakhala kuno ku Amereka, 7:40 m'mawa, itachedwa ndi mphindi khumi. Tikiti inali madola 32. Msewu wa 31 ndi wowongoka mogwetsa ulesi, uku ndi uku minda yosadzala. Chikwama ndinachitsegula kanayi kuona ngati kalata yachitatu ilimo. Mayi amene ndinakhala naye pampando anafunsa ngati ndikupita kukhoti.

"Ayi mayi, kwa alamu anga."

"Ndiye n'chimodzimodzi," anatero.

Ku Kokomo tinaima pang'ono. Khofi amene ndinagula anali madzi otentha opaka mtundu.

Tinalowa mu Indianapolis 11:20. Mphatso anandichingamira pagalimoto. Ndinamulonjera m'Chichewa, iye n'kuyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, kuti tisanapite kwa amalume ndikaonane kaye ndi agogo ake a Emily.

Tinawapeza m'lesitilanti ina ya pa Lafayette Road. Agogowo, a Wong, ndi nkhalamba yopuma pa uphunzitsi wa masamu. Mpunga ndi nkhuku zisanafike, anatulutsa envelopu. Ndinadziwiratu kuti ndakumana ndi mnzanga. M'katimo munali chiphaso cha agogo awo, chofiirira ndi ukalamba, chithunzi chili pakona. Anafotokoza kuti mu 1882 boma la Amereka linatseka khomo kwa antchito ochokera ku China, ndipo patapita zaka khumi amene anali kale kuno anawalamula kuyenda ndi pepala lotere, wopanda pepala n'kumuthamangitsa. Andale ankalalikira kuti Atchaina sangasakanikirane ndi anthu ena. Lamulolo linachotsedwa mu 1943.

"Anatiletsa kukhala nzika, kenako n'kumatinena kuti sitifuna kukhala nzika," anatero. "Ine Chitchaina sindichidziwa. Bambo anga ankaopa kutiphunzitsa."

Kenako anatsegula kabuku. Anali atalembamo ndondomeko yonse ya chinkhoswe monga anawauzira Mphatso.

"Akuti inu mubweretsa tambala, ife msoti. Wamoyo kapena wootcha? Ndalankhula kale ndi mlimi wina."

Ndinayang'ana m'mbale. Mbali yathu inalibe ngakhale munthu wonyamula tambalayo.

Ku Beech Grove, kwa a Phiri, tinafika 3 koloko. Mayi Phiri anatilandira pakhomo.

"Pepani, achimwene, apita ku shifiti."

Galimoto yawo inali panja, nsapato zawo za kuntchito zili pakhonde. Adzukulu awo awiri anandipatsa moni wa "Hi", maso ali pa TV. Sindinakangane ndi Mayi Phiri. Ndinasiya kalata, pamodzi ndi kope ya chiphaso chija imene a Wong anandipatsa, ndipo ndinalemba nthawi: 3:12.

Pobwerera basi inali yopanda anthu ambiri, koma sindinagone. Mawu amene anatsekera agogo awo a a Wong khomo ndi omwewo amene ali m'kabuku kanga, olankhulidwa ndi a Phiri, munthu amene naye anafika kuno ndi sutikesi imodzi.

Tsono alamu, a Phiri, popeza nkhaniyi iwerengedwa ndi abale onse, ndikupempha mwaulemu kuti pasanathe masiku khumi ndi anayi mundiyankhe molemba. Kodi mudzanyamula tambala wa muphwa wanu, kapena ayi? Ngati ayi, tchulani mwambo umodzi umene a Wong akana kuuphunzira. Msoti wawo wapezeka kale.