Chipanda cha Lufeyo pa Chilumba

Fungo la chimera chouma pa mphasa limandibwezera pa khonde la aNambewe, mayi wachikulire amene nyumba yawo inayang'anana ndi yathu m'munsi mwa mapiri a Ntchisi. Chilimwe chikafika, udzu utapsa m'mapiri, nyenje zikulira m'misuku, iwo ankandiitana ndikaweruka ku sukulu ya mishoni kuti ndiwasinjire chimeracho, pakuti mikono yawo inali itayamba kufooka. Ine ndinali mwana wamanyazi, iwonso sanali olongolola, choncho munsi wokha ndiwo unkamveka pabwalopo.

Thobwa lake linali la phwando la pa chilumba. Pakati pa mtsinje wa Bua panali kachilumba kamene makolo athu ankabisalapo nthawi ya nkhondo za Angoni, ndipo chaka chilichonse madzi akaphwa mpaka m'mawondo, midzi yonse inkawoloka, amayi atasenza mitsuko, anyamata akukoka mbuzi, ng'oma zili pamapewa. Gule asanayambe, banja lililonse linkapita pansi pa mkuyu waukulu ndi chipanda cha thobwa. Thobwa la akufa ankalithira pa mizu. La munthu amene ali pa ulendo ankalikoleka pa nthambi kuti lidikire mwini wake.

Mwana mmodzi yekha wa aNambewe, Lufeyo, anatengedwa ndi asilikali a boma kukanyamula katundu ku nkhondo ya Azungu. Nkhondo inatha, anzake ena anabwera, iye ayi. Chaka ndi chaka mayi ake ankakoleka chipanda chake pa nthambi.

"Mlamu, thirani pansi," ankatero aChisale, mng'ono wa malemu amuna awo. "Mwanayo akumva ludzu kumene aliko."

"Mtembo munauona inu? Ndithire thobwa la munthu wamoyo, ndine mfiti ine?"

Chaka chimene ndikunenachi, ku phwando kunabwera mlendo wa ku Bowe, dzina lake aYotamu, munthu wowonda, wotsimphina, amene anali atangobwerera kuchokera ku migodi. Anaona aNambewe akunyanyamphira, nthambi osaifikira, ndipo anandifunsa ine amene ndinaima pambali.

"Iwe mtsikana, chipanda chimenecho n'cha yani?"

"Cha aLufeyo," ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Anapita ku nkhondo."

Munthu uja anavula chipewa, n'kukhala pansi pa mchenga wotentha.

"Amayi, tsitsani. Ine ndinali naye ku nkhondoko. Anadwala kamwazi pa njira, kumpoto, titapitirira Karonga. Ndinamukwirira ndine ndi manja angawa. Ndinkayesa kuti uthenga unakupezani kalekale."

Kuseri kwa bango ng'oma zinali zitayamba kale, atsikana akuimba chimtali, utsi wa nyama ukubwera ndi mphepo. ANambewe anaima nthawi yaitali chipanda chili m'mwamba. Kenaka anachitsitsa pang'onopang'ono mpaka pa chifuwa.

"Munamufunditsa chiyani?"

"Bulangete langa, amayi."

"Anali yekha?"

"Ayi. Mutu wake unali pa miyendo yanga mpaka anatsirizika."

"Ndiye yambani inu kumwa, mwananga."

AYotamu anamwa misozi ikugwera m'chipandamo. Thobwa lotsala aNambewe analithira pa mizu, atagwada, ndipo ananena ndi mawu otsika amene ndinawamva ine ndekha ndi mlendoyo: "Lufeyo, pepa bambo, ndakuchedwetsa." AChisale, amene anakhala zaka zonsezo akuumiriza zimenezi, anatembenuka n'kukalira kumadzi.

Pobwerera aYotamu anawabereka aNambewe pa msana powoloka, ngakhale anali wotsimphina. Mvula ya chaka chimenecho inagwa aNambewe ali chigonere, ndipo chimanga chisanache tinawaika.

Lero ndine wamkulu, ndipo anyamata a kwathu akupitabe kutali kukafuna ntchito. Ndikaona munthu akutsika basi ndi sutikesi ya ku Joni, ndimamupatsa moni, n'kumufunsa ngati pali mnzake amene anamusiya m'manda kumeneko, ndi mudzi wa mayi ake. Akanditchulira, ndimamanga chitenje n'kuuyamba ulendo wokapereka uthengawo tsiku lomwelo.