Manja Awiri a Tadala

Tsiku limene ndinauza mayi kuti ndikupita ku America, ndinawapeza pa msika wa Mitundu akukazinga zitumbuwa. Mayi anga msika wonse umawadziwa pa zinthu ziwiri: lilime lakuthwa, ndiponso kuti basela sapereka, ngakhale kwa abusa. Sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Pita. Koma ukadzabereka kumeneko, usadzandibweretsere mwana wolandira chinthu ndi dzanja limodzi ngati nyani." Ndinaseka, pakuti nthawi imeneyo ndinalibe ngakhale chibwenzi.

Ku Silver Spring ndinapeza ntchito yosamalira okalamba. Ndalama ndinkatumiza, foni ndinkaimba, koma ndinkasungulumwa koopsa, sindingabise. Kenaka mwana wanga Tadala anabadwa, bambo ake n'kulowera kwina, tinatsala awiri. Mwanayu Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo ukamupatsa kanthu ankangotsomphola ndi dzanja limodzi, maso ali pa tabuleti. Ndinalalata mpaka kukhosi kuuma. "Manja awiri, iwe!" Iye ankangokweza mapewa. Titagula matikiti opita kumudzi, mawu a mayi aja anayamba kundisowetsa mtendere.

Loweruka lina Sujin, mnzanga wa kuntchito wochokera ku Korea, anatitengera ku Annandale, kumene anthu akwawo anayala msika pabwalo loimikapo magalimoto la tchalitchi chawo. Abale inu, nditangotsika galimoto ndinamva ngati ndafika pa Mitundu tsiku la msika! Utsi, phokoso, azimayi akuitanira malonda, tinsomba touma tili milumilu ngati usipa, kabichi wofiira ndi tsabola ali m'mabeseni. Ndinalawa chilichonse chimene anandilozetsa. Timitanda ta ufa wa mpunga tophikidwa mu tsabola tinanditulutsa misozi, ine amene ndimadzitama kuti ndinakulira kambuzi. Sujin anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kenaka tinaima pa gogo wina amene ankakazinga timikate tokhala ndi shuga wosungunuka m'kati, amati hotoku. Mwana wamkazi wa Sujin, yemwe Tadala amamuonera chilichonse mpaka kamangidwe ka tsitsi, analandira kake ndi manja awiri, n'kuweramitsa mutu. Tadala anayang'anitsitsa. Itafika nthawi yake, anapanira tabuleti m'khwapa n'kutambasula manja onse awiri. Gogo uja anafuula mokondwa m'chinenero chawo, n'kumuwonjezera kena ka basela. Ine ndinatsala pang'ono kululutira pakati pa anthu. Zaka zonsezi ndikulalata, mwana n'kudzamvera kamkate!

Pobwerera ndinamuuza Tadala kuti kwathunso timalandira choncho. Anandiyang'ana mokayika, n'kufunsa m'Chingerezi chakecho ngati tinachita kuonera kwa anthu a ku Korea. Sindinatsutse. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale supuni ankalandira ndi manja awiri.

Titafika pa Mitundu tinapeza mayi atakalamba, koma chiwaya ndi chomwe chija. Anamuyang'ana Tadala kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anavuula chitumbuwa, kuchikulunga m'pepala, n'kumupatsa. Tadala anatambasula manja awiri, mutu n'kuweramitsa. "Zikomo agogo."

Nthawi yomweyo anatulukira ana atatu a achimwene anga, okulira pakhomo pa mayi pomwepo. Aliyense anatsomphola chake ndi dzanja limodzi, maso ali pa foni imene ankalimbirana, n'kumapita. Mayi sanawadzudzule. Zinkaoneka kuti anatopa nawo kalekale. Ndinazizidwa. Mwambo umene ndinkaopa kuti ndautayira ku America, kwathu kunali ukutha wokha.

Mayi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, akunamizira utsi. "Ameneyu wamuphunzitsa ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndidzitame, koma Tadala anayamba ndiye, m'Chichewa chake chopunduka. "Ku Korea, agogo."

"Kaya ndi mudzi wa kuti umenewo," anatero mayi, "pobwerera mutenge atatu aja mukawasiye komweko."

Atatero anavuula chitumbuwa china, chachikulu kuposa zonse, n'kuchiika m'manja mwa Tadala. Mayi wogulitsa tomato pafupi nawo anaimirira n'kukuwa msika wonse kumva: "Bwerani mudzaone, anaPhiri apereka basela!"